Kukhala m'boti pa Vaal Dam mutapuma pa ntchito: mmene mungadutsire nyengo yachisanu

Johannesburg ndi mzinda wopanda nyanja ndiponso wopanda mtsinje waukulu, moti munthu amene anakulira ku Nkhotakota, ku Salima kapena ku Mangochi akhoza kugwira ntchito kuno zaka 30 osaona madzi oposa a m'damu laling'ono la ku Emmarentia. Nthawi yopuma pa ntchito ikayandikira, ena mwa ife amene ana ndi adzukulu awo anakhazikika kuno ku Joni safuna kubwerera kumudzi kotheratu, komanso safuna kupitiriza kulipira lendi ya m'tauni ndi penshoni imene sikukula. Mwa amenewa alipo ochepa amene amaganiza zogula boti logonamo n'kukakhala pamadzi, pakati pa anthu ena okalamba amene amachita zomwezo. Zimenezi n'zotheka, koma chigamulo chake chiyenera kupangidwa mu July, chisanu chili pachimake. Mu December madzi amakhala ofunda, mabanja amakhala akuwotcha nyama m'mbali mwa damu, ndipo boti lililonse limaoneka ngati lokhalika.

Malo oyenera kuwaganizira ndi atatu. Oyamba ndi Vaal Dam, damu limene linamalizidwa mu 1938 pamene mitsinje ya Vaal ndi Wilge imakumana, ndipo gombe lake lonse limaposa makilomita 800. Mbali ya Free State kuli tauni ya Deneysville, kumene kuli magulu a eni maboti akalekale monga Lake Deneys Yacht Club, ndipo mbali ya Gauteng kuli Vaal Marina. Achiwiri ndi mtsinje wa Vaal womwewo kumunsi kwa damu, pakati pa Vereeniging ndi Vanderbijlpark, kumene madzi amaimitsidwa ndi chipupa cha Vaal Barrage cha mu 1923. Kumeneko n'kufupi ndi masitolo ndi zipatala, ndipo msewu wa R59 umakufikitsani mosavuta kuchokera ku Alberton, koma madzi ake akhala akuipitsidwa ndi zonyansa za m'zimbudzi kwa zaka zambiri, monga momwe lipoti la South African Human Rights Commission la mu 2021 linanenera. Achitatu ndi Hartbeespoort Dam kumpoto, kumene namasupuni, yemweyo amene timamudziwa mu Shire, amaphimba mbali yaikulu ya madzi nthawi zina n'kumatsekereza maboti. Kwa munthu wofuna kukhala pamadzi miyezi yambiri, ine ndimaona kuti Vaal Dam ndiye yoyenera kuyambira.

Musanayang'ane boti lililonse, fufuzani kaye ngati malo oimikapo maboti amene mwawasankha amalola munthu kugona m'boti lake usiku uliwonse. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, chifukwa amagula boti, kenako n'kupeza kuti malamulo a gululo amalola kugonamo kumapeto kwa sabata ndi patchuthi pokha. Pitani nokha mukaonane ndi woyang'anira malowo, mumufunse mwachindunji, ndipo yankho lake likhale lolembedwa m'pangano lanu, chifukwa woyang'anira akasintha, zimene munagwirizana pakamwa zimapita naye. M'panganomo mudziwe ndalama ya malo oimikapo boti pamwezi, ndalama ya umembala ngati ilipo, mmene magetsi amalipiridwira, ngati mabafa ndi zimbudzi za kumtunda zimatsegulidwa usiku wonse m'nyengo yozizira, ndiponso ngati alendo monga adzukulu amaloledwa kugona. Funsaninso kuti ndi anthu angati amene amakhala pamalopo pakati pa sabata mu June ndi July. Ngati yankho ndi loti mlonda yekha, ganizirani kawiri.

Mukapeza malo, yesani kaye musanagule. Bwerekani kapena pangani lendi boti logonamo kwa masabata angapo pakati pa June ndi August, ndipo nyumba kapena chipinda chanu cha m'tauni musachisiye ayi. Dera la Vaal lili pamwamba kwambiri poyerekeza ndi nyanja yamchere, mvula simagwa m'nyengo imeneyi, masana dzuwa limawala bwino, koma likangolowa kuzizira kumatsika mofulumira ndipo m'bandakucha nthawi zambiri kumafika pansi pa madigiri 0. Amene anaona chipale chikugwa mu Johannesburg pa 10 July 2023 akudziwa mphepo imene imabwera kuchokera kumwera masiku otere, ndipo pamadzi palibe khoma la nyumba ya mnansi loti liitchinge. Ngati muli pabanja, mayesowa muwachite nonse awiri, chifukwa kawirikawiri maganizo a boti amakhala a bambo, koma amene amadzavutika ndi khitchini yoti munthu mmodzi yekha ndiye angaimemo ndi mayi.

Za mapepala a boti n'zosavuta kuzimva. Malamulo a maboti ang'onoang'ono a mu 2007, amene amayang'aniridwa ndi South African Maritime Safety Authority, SAMSA mwachidule, amagwiranso ntchito pamadamu ndi m'mitsinje. Woyendetsa boti la injini ya mphamvu yoposa mahatchi 15 ayenera kukhala ndi chiphaso cha ukaputeni, ndipo cha madzi a kumtunda ngati amenewa ndi cha gulu R. Boti loyenda ndi thanga la mamita 9 kapena kuposa limafunanso chiphaso. Boti lenilenilo liyenera kuyesedwa chaka chilichonse kuti lipatsidwe chikalata chosonyeza kuti lili bwino ndipo lili ndi zida zotetezera moyo. Kupalasa bwato kuyambira ubwana sikuwerengedwa m'malamulo amenewa, choncho lembetsani maphunzirowo ngakhale mukuona kuti madzi mumawadziwa. Pogula boti lakale, lipirani katswiri woyesa maboti kuti alione litatulutsidwa m'madzi, ayang'ane pansi pake, mabowo onse olowera ndi kutulukira madzi, ndi mawaya. Kampani ya inshuwalansi muiuze poyera kuti mudzagona m'botimo masiku onse, chifukwa mukabisa zimenezi ikhoza kukana kulipira tsiku la ngozi.

Chimene chimathamangitsa anthu ambiri m'boti m'nyengo yachisanu ndi chinyontho, kuposa kuzizira kwenikweniko. Mpweya wa kunja ndi wouma, koma m'kati mwa boti muli anthu awiri amene akupuma usiku wonse, ketulo imene ikuwira, ndi mphika wa nsima umene ukutulutsa nthunzi, ndipo nthunzi yonseyo ikakhudza mawindo ndi makoma ozizira imasanduka madzi. Mukadzuka m'mawa mudzapeza madontho akutsetsereka pawindo n'kumadikha pa thabwa la m'munsi mwake, ndipo mukatukula matiresi mudzapeza pansi pake pali ponyowa ngati munathirapo madzi, chifukwa thupi limafunditsa pamwamba pomwe pansi pali thabwa lozizira lokhudzana ndi khoma la boti. Pakatha sabata ziwiri zokha, nguwi imayamba m'makona a kabati, jekete la kutchalitchi limayamba kununkha, ndipo munthu wa chifuwa cha mphumu amayamba kubanika. Mankhwala ake ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku imene simungaidumphe. M'mawa uliwonse pukutani mawindo ndi nsalu youma, imikani matiresi cham'mbali, tsegulani zitseko za makabati, ndipo dzuwa likakwera tsegulani chitseko ndi mawindo onse kuti mpweya wouma wa masana udutse. Pansi pa matiresi ikani timatabwa totalikirana kuti mphepo izidutsa. Zofunda zanikani padzuwa masana, zovala zonyowa musaziyanike m'kati, ndipo pophika vundikirani mphika ndi kutsegula windo la pamwamba pa chitofu ngakhale kunja kukuzizira. Usiku siyani kampata kakang'ono kotseguka mbali ziwiri za boti. Anthu atsopano amatseka paliponse ndi nsanza poopa mphepo, ndipo ndi omwewo amene amadzuka zofunda zili zonyowa.

Pa nkhani yofunditsa m'boti ndiyenera kunena mosapsatira mawu: mbaula ya makala isalowe m'boti ngakhale kwa mphindi zochepa. Tonse tinamvapo za mabanja amene anagona ndi mbaula m'chipinda chotseka osadzukanso, ndipo boti ndi laling'ono ndi lotsekeka kuposa chipinda chilichonse. Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo, umayamba ndi mutu ndi chizungulire, kenako tulo. Umachokeranso ku hita ya gasi, ku chitofu cha parafini, ku jenereta, ngakhale ku injini ya boti la mnansi wanu ngati utsi wake ukulowera pawindo lanu. Gulani alamu yozindikira mpweya umenewu, muiike pafupi ndi pogona, ndipo muziiyesa. Hita ya gasi yopanda chumuni ili ndi vuto lachiwiri, loti moto wa gasi umatulutsa nthunzi, choncho imafunditsa uku ikunyowetsa. Ngati pamalopo pali magetsi, hita ya mafuta yoyendera magetsi ndiye yabwino, chifukwa ilibe moto woonekera. Botolo la madzi otentha, masokosi a ubweya ndi chipewa chogonera zimathandizanso kuposa mmene anthu amaganizira.

Gasi wophikira ali ndi khalidwe limene m'nyumba silioneka kwenikweni. Iye ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akadontha m'nyumba amatuluka pansi pa chitseko, koma m'boti amatsikira m'munsi mwenimweni, pansi pa matabwa opondapo, n'kukhala momwemo kudikira kathetheka ka pampu kapena ka injini. Silinda ikhale kunja, m'bokosi lokhala ndi bowo pansi lotulutsira gasi kunja kwa boti, ndipo muzitseka pa silinda penipeni mukamaliza kuphika, osadalira batani la pa chitofu lokha. Mapaipi a gasi aikidwe ndi munthu wovomerezeka amene angakupatseni chikalata chake. Chozimitsira moto chimodzi chikhale pafupi ndi khomo ndipo china pafupi ndi pogona, kuti moto ukabuka kukhitchini musafunike kuudutsa kuti mukachitenge.

Magetsi a pa jeti, kamlatho kamene maboti amamangiriridwapo, ali ndi malire, ndipo mukayatsa hita, ketulo ndi ayironi nthawi imodzi mudzazimitsa anu ndi a anansi. Funsani mphamvu imene chingwe chanu chimaloledwa kukoka, ndipo chingwecho chikhale chopangidwira panja, chosalumikizalumikiza, chosalendewera m'madzi. M'madzi opanda mchere magetsi othawa pa chingwe chowonongeka akhoza kuumitsa munthu wosambira pafupi mpaka kumira, n'chifukwa chake adzukulu asamasambire pafupi ndi jeti ya magetsi nyengo iliyonse. Popeza magetsi a Eskom atizimira kokwanira m'zaka zapitazi, sola ndi mabatire si zamanyado. Dzuwa la nyengo yozizira kuno ndi lokwanira, koma limadutsa chakumpoto ndi motsika, choncho mapanelo apendekere kumpoto ndipo muziwapukuta kawirikawiri, chifukwa fumbi ndi phulusa la moto wa m'tchire zimawaphimba msanga mu August. Mabatire wamba amachepa mphamvu kukazizira, ndipo a lithium sayenera kutchajidwa kuzizira kuli pansi pa 0, choncho aikeni m'kati mwa boti. Batire yoyatsira injini ikhale payokha, osaigwiritsa ntchito pa wailesi kapena TV.

Madzi a m'damu musamwe osawiritsa kapena kuwasefa ndi kuwathira mankhwala, ngakhale kuti Rand Water imatunga m'damu lomweli madzi amene timamwa mu Johannesburg. Amenewo amafika pampopi atatsukidwa kale. Dzazani thanki yanu masana, chifukwa paipi ya pa jeti imatha kuuma ndi chisanu m'mawa, ndipo mukamaliza ikhutuleni. Injini ya kumbuyo isiyeni itaima chilili kuti madzi a m'kati mwake atsike, popeza madzi otsalira akaundana amaphulitsa zitsulo. Zonyansa za m'chimbudzi cha m'boti sizitayidwa m'damu. Gwiritsani ntchito chimbudzi cha kumtunda masana, ndipo cha m'boti chikhale cha usiku, chokhala ndi thanki imene mumakakhutula pamalo amene oyang'anira anakonza.

Ngozi yaikulu kwa munthu wa zaka zoposa 60 ili pa sitepe imodzi ya pakati pa boti ndi jeti. M'bandakucha wa July matabwa a jeti amayera ndi chisanu, ndipo munthu wovala masilipasi, atanyamula thaulo ndi sopo m'manja onse awiri, amaterereka asanadziwe n'komwe. Madzi ozizira kwambiri amachititsa munthu kukoka mpweya mwadzidzidzi akangogweramo, manja amafooka m'mphindi zochepa, ndipo zovala zolemera za chisanu zimamulepheretsa kukwera ngakhale ali katswiri wosambira wa ku Senga Bay. Mukagwa, chinthu choyamba ndi kuyandama chagada mpaka kupuma kutakhazikika, kenako n'kufuula. Koma ndi bwino kukonzeratu: ikani chogwirira cholimba pokwerera, yalani kapeti yosaterera, mangirirani makwerero amene munthu ali m'madzi angawafikire yekha, valani nsapato za mphira, ndipo katundu muzimuika kaye pa jeti musanatsike. Usiku kapena kukakhala mphepo valani jekete yoyandamitsa ngakhale ulendo uli wa kubafa chabe, ndipo musachite nazo manyazi. National Sea Rescue Institute ili ndi gulu lake lopulumutsa anthu pa Vaal Dam. Nambala yake isungeni m'foni pamodzi ndi 112, ndipo muilembenso papepala pafupi ndi khomo kuti mlendo aliyense aione.

Amene amamwa mankhwala a BP, a shuga kapena ma ARV akonze zotengera mankhwala asanasamuke. Ku Deneysville zipatala zazikulu zili kutali ndithu, ku Sasolburg kapena ku Vereeniging, ndipo ambulansi siifika pa boti, imaima pachipata. Pemphani kukiliniki kwanu kalata yosamutsira, funsani ngati mungalowe m'ndondomeko ya boma ya CCMDD yotengera mankhwala pamalo apafupi, ndipo mankhwalawo muwasunge m'chitini chotseka bwino chifukwa cha chinyontho chija. Galimoto yodalirika, kapena mnansi wa galimoto amene mwagwirizana naye, ndi gawo la ndondomeko yomweyi.

Madzi a Vaal Dam sakhala pamlingo umodzi. Mu 2016, chilala chitavuta, damuli linatsika pansi pa 30 peresenti, ndipo linatsikanso chimodzimodzi kumayambiriro kwa 2025, pa nthawi imene ngalande yobweretsa madzi kuchokera ku Lesotho inatsekedwa kuyambira October 2024 kuti ikonzedwe. Patangopita miyezi yochepa mvula inalidzaza mpaka zipata zinatsegulidwa. Madzi akatsika, jeti zimasunthidwa, mtunda woyenda kuchokera pa boti kukafika kumtunda umatalika n'kukhala wamatope, ndipo boti lakuya pansi limakhudza nthaka. Zipata zikatsegulidwa, amene ali mu mtsinje kumunsi ndiwo amakumana ndi madzi othamanga. Unduna wa za madzi umalengeza mlingo wa madamu sabata iliyonse, ndipo muzolowere kuuyang'ana. Zingwe zomangira boti muziziona tsiku lililonse pamene zimakhulana ndi chitsulo, makamaka August akamayandikira, chifukwa mphepo ya mwezi umenewu imautsa mafunde pa damuli monga mwera amachitira kwathu, ndipo chingwe chimene chaoneka cholimba miyezi itatu chimaduka usiku umodzi.

Boti silikupatsani adiresi, pomwe banki, chifukwa cha lamulo la FICA lofuna kuti mabanki azidziwa bwino makasitomala awo, imafuna umboni wa kumene mumakhala. Pemphani kalata kwa oyang'anira malowo, kapena sungani adiresi ya mwana wanu m'tauni ngati iye wavomera. Amene alibe chilolezo chokhala m'dziko muno mpaka kalekale akumbukire kuti chiphaso cha ntchito chimatha ntchito ikatha, ndipo chiphaso cha opuma pa ntchito chimafuna umboni wa ndalama yokhazikika ya mwezi ndi mwezi imene ambiri a ife sitingaifikire. Nkhani imeneyi ithetsedwe ndalama ya boti isanatuluke. Powerengera ndalama musaiwale kuti boti limatsika mtengo chaka ndi chaka, limafuna kutulutsidwa m'madzi kuti lipakidwe penti pansi, ndipo siligulika msanga tsiku limene mwatopa nalo. Penshoni yonse isathere m'botimo, ndipo ndalama ya bungwe lanu la maliro ipitirire kulipidwa monga kale.

Pa zowedza, dziwani kuti ukonde ndi woletsedwa, ndipo luso lanu la chilimira lisiyeni kumudzi. Mbedza imaloledwa mukakhala ndi chiphaso cha chigawo chimene mukuwedzeramo, ndipo popeza damuli lili m'malire a zigawo, funsani kuti gombe lanu lili mbali iti. Muli milamba ikuluikulu, carp ndi yellowfish, ngakhale m'nyengo yozizira nsomba sizidya kwambiri. Yellowfish ya kamwa lalikulu asodzi a kuno amaibwezera m'madzi chifukwa ikuchepa.

Pakati pa sabata m'nyengo yachisanu pamatsala anthu ochepa, ambiri mwa iwo okalamba olankhula Afrikaans kapena Chingerezi, pamodzi ndi ogwira ntchito pamalopo amene ambiri amalankhula Sesotho. Pitani mukadzidziwitse boti ndi boti sabata yoyamba, perekani moni kwa alonda ndi okonza maboti m'chilankhulo chawo ngakhale ndi mawu awiri okha, ndipo pezani mnansi mmodzi amene mungagwirizane naye kuti akapanda kuona chitseko chanu chitatseguka pofika 9 koloko m'mawa, abwere adzagogode, inunso muzichita chimodzimodzi kwa iye. Musiyireni kiyi ndi nambala ya mwana wanu. Phokoso limayenda kutali pamadzi, choncho jenereta ndi wailesi zizimitsidwe pa nthawi imene malamulo a pamalopo anena, ndipo utsi wowotcha nsomba usalowere m'windo la mnzanu. Ntchito ya gulu ikabwera, monga kusuntha jeti madzi akatsika, pitani ngakhale ntchito yanu ili yogwira chingwe chabe.

Mapemphero a Chichewa, misonkhano ya anthu akwathu, ufa woyera ndi usipa zonse zili ku Johannesburg, ndipo ulendo wochokera ku damu umatenga nthawi yoposa ola limodzi malinga ndi gombe limene muli. Konzani kuti muzipita m'tauni Loweruka, mugone kwa ana, mupemphere Lamulungu, mugule zofunika, ndipo mubwerere dzuwa lisanalowe kuti mukwere m'boti kukuwala. Musananyamuke tsekani gasi pa silinda, tsekani mabowo olowera madzi pansi pa boti, zimitsani hita, onetsetsani kuti pampu yotulutsa madzi yalumikizidwa ku batire, siyani kampata ka mpweya kotseguka, ndipo muuzeni mnansi uja tsiku ndi nthawi imene mukuyembekezeka kubwerera.